Giro d'Italia: mmene mpikisano wogulitsira nyuzipepala unakwerera m'mapiri

Pa 13 Meyi 1909, nthawi ili 2:53 m'bandakucha, amuna 127 ananyamuka pa njinga zawo pabwalo la Loreto mumzinda wa Milan. Kutsogolo kwawo kunali makilomita 397 a msewu wafumbi wopita ku Bologna, ndipo limenelo linali gawo loyamba chabe mwa magawo 8. Pofika pa 30 Meyi, atapalasa makilomita 2,448, amene anabwerera ku Milan anali 49 okha. Wopambana anali Luigi Ganna, mmisiri womanga nyumba amene miyendo yake inakhwima chifukwa chopalasa mtunda wautali popita ndi pobwera kuntchito. Umu ndi mmene unabadwira Giro d'Italia, dzina lotanthauza ulendo wozungulira dziko la Italy.

Amene anayambitsa mpikisanowu sanali boma kapena bungwe la zamasewera. Inali nyuzipepala, La Gazzetta dello Sport, ndipo cholinga chake chinali malonda basi. Eni ake anaona mmene nyuzipepala ya L'Auto inalemerera ku France itayambitsa mpikisano wa njinga wa Tour de France mu 1903, kenako anamva mphekesera yakuti anzawo a Corriere della Sera akukonza mpikisano wotere ku Italy. Anathamangira kulengeza wawo ndalama zoyendetsera asanazipeze n'komwe. Nzeru yake inali yosavuta: mpikisano wa tsiku limodzi umagulitsa nyuzipepala ya tsiku limodzi, koma wotenga masabata angapo umachititsa munthu kudzuka m'mawa uliwonse kukafunafuna pepala kuti amve amene ali patsogolo. Mapepala a Gazzetta ndi a pinki. N'chifukwa chake kuyambira mu 1931 wotsogola pampikisanowu amavala jezi ya pinki, imene eni ake amaitcha maglia rosa. Woyamba kuivala anali Learco Guerra.

Kuti mbiriyi imveke, pafunika kudziwa chinthu chimodzi chokhudza mphepo. Munthu akamapalasa mwaliwiro pamsewu wa see, mdani wake wamkulu si kulemera kwa njinga koma mpweya umene akuboola. Amene ali kumbuyo kwa mnzake, gudumu kutsata gudumu, amapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake, ndipo amene wabisala pakati pa chigulu amapulumutsa zoposa pamenepo. Choncho pachidikha munthu wofooka angathe kufika limodzi ndi katswiri, bola adziwe kubisala. Paphiri liwiro limatsika, mphepo imaleka kukhala nkhani, ndipo chotsala n'chakuti aliyense anyamule thupi lake ndi njinga yake kupita nazo kumwamba. Pamenepo pobisala palibe. Wopambana Giro ndi amene nthawi yake, akaphatikiza masiku onse, ili yochepa kuposa ya ena, ndiye kuti mphindi zimene zimagamula mpikisano zimapezeka makamaka pamalo pamene chigulu chimaphwasuka. Mbiri ya Giro ndi mbiri ya okonza mpikisano akuzindikira pang'onopang'ono mfundo imeneyi, n'kumakwezera msewu m'mwamba chaka ndi chaka.

Poyamba sankawerengera nthawi. Ankawerenga mapointi malinga ndi malo amene munthu wafikira pagawo lililonse, woyamba pointi imodzi, wachiwiri awiri, ndipo wa mapointi ochepa ndiye ankapambana. Njirayi inali yotchipa chifukwa sinkafuna anthu ambiri a mawotchi, koma inali yopondereza. Munthu wosiya anzake ndi ola lathunthu ankapeza zofanana ndi wowasiya ndi dzanja limodzi. Mu 1909 momwemo, akanawerengera nthawi, wopambana akanakhala Giovanni Rossignoli, osati Ganna. Anasinthira ku nthawi mu 1914, chaka chimene mpaka lero chimakumbukika ngati chankhanza kuposa zonse. Tsiku loyamba lenilenilo anawakweza phiri la Sestriere mkati mwa mvula yamkuntho, ambiri akukankha njinga m'matope. Gawo lina, kuchokera ku Lucca kupita ku Rome, linali la makilomita 430. Mwa anthu 81 amene anayamba, anamaliza 8, ndipo anapambana Alfonso Calzolari. Tikumbukire kuti njinga za nthawi imeneyo zinalibe magiya osinthira munthu ali pachishalo. Ukafika patsinde pa phiri unkatsika, kumasula gudumu lakumbuyo, kulitembenuza kuti tcheni chigwire mano a mbali inayo, n'kumanganso. Teyala likaphulika unkakonza wekha.

Zaka za m'ma 1920 zinali za Costante Girardengo kenako Alfredo Binda. Binda anapambana kasanu, ndipo mu 1927 anatenga magawo 12 mwa 15. Zinafika poti anthu anayamba kutopa nazo, nyuzipepala n'kumatsalira m'mashopu, moti mu 1930 okonza mpikisano anamulipira ndalama zokwana ma lire 22,500, zofanana ndi mphoto ya wopambana, kuti akhale kunyumba. M'zaka zomwezo, mu 1924, akatswiri atanyanyala pa nkhani ya malipiro, mayi wina dzina lake Alfonsina Strada analowa nawo mpikisanowu. Tsiku lina anagwa n'kuthyola chiwongolero, namangirira mtengo wa tsache n'kupitiriza ulendo, koma anafika nthawi yololedwa itadutsa. Anamuchotsa pamndandanda, komabe anamulola kupitiriza kupalasa, ndipo anakafika ku Milan. Mpaka lero ndi mkazi yekhayo amene anapalasa Giro ya amuna.

Mphoto ya katswiri wokwera mapiri inayamba mu 1933, koma kusintha kwenikweni kunabwera mu 1937 pamene mpikisano unalowa koyamba m'mapiri a Dolomites, kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, kudzera pa Rolle ndi Costalunga. Amene anawoloka mapiriwo ali patsogolo anali Gino Bartali wa ku Florence, munthu wopemphera kwambiri, wamakani, wa thupi losamva kutopa. Anapambana mu 1936 ndi mu 1937. Mu 1940 timu yake ya Legnano inalemba mnyamata woonda wa zaka 20, Fausto Coppi, kuti azimutumikira. Pa masewerawa wotumikira, amene Ataliyana amamutcha gregario, ntchito yake ndi kutchinga mphepo, kukatenga madzi, ndi kupereka gudumu lake mtsogoleri akaphulitsa teyala. Bartali anagwa kumayambiriro atagundana ndi galu, nataya nthawi yambiri. Coppi anapatsidwa ufulu, anathawa yekha mumvula paphiri la Abetone, ndipo anapambana Giro yonse. Palibe wina wamng'ono kuposa iyeyo amene anapambanapo. Mpikisano unatha pa 9 Juni, ndipo m'mawa mwake Mussolini, wolamulira dzikolo, analowetsa Italy m'nkhondo yachiwiri ya padziko lonse.

Zimene amuna awiriwa anachita m'zaka zisanu zopanda Giro n'zoyenera kuzinena. Coppi anatumizidwa kunkhondo kumpoto kwa Africa, nagwidwa ndi asilikali a Britain ku Tunisia mu 1943. Bartali anatsala kwawo akunamizira kuchita masewera olimbitsa thupi pamisewu ya pakati pa Florence ndi Assisi, chonsecho m'mapaipi a felemu ya njinga yake munali zikalata zachinyengo zothandiza Ayuda kuthawa imfa. Asilikali pa malodibuloko ankamudziwa ngati katswiri, ndipo ankangomupatsa moni. Iye sankakonda kukamba za nkhaniyi pagulu mpaka imfa yake mu 2000. Bungwe la Yad Vashem ku Jerusalem, lokumbukira Ayuda amene anaphedwa pa nkhondoyo, linamulemekeza mu 2013.

Giro inabwerera mu 1946 m'dziko la milatho yogumuka ndi misewu ya maenje a mabomba. Gawo lopita ku Trieste, mzinda umene Italy ndi Yugoslavia ankalimbirana, linaimitsidwa pa Pieris anthu atatseka msewu n'kuyamba kugenda opalasa. Kagulu kochepa kotsogozedwa ndi Giordano Cottur, mwana wa mumzindawo, kanakakamira mpaka kukalowa mu Trieste. Chaka chimenecho Bartali anaposa Coppi ndi masekondi 47, ndipo Italy inagawanika pawiri, m'mabanja, m'mabala, m'matchalitchi: uyu wa Bartali, uyu wa Coppi.

Tsiku limene mkanganowu unagamulidwa linali 10 Juni 1949, pagawo la makilomita 254 kuchokera ku Cuneo kupita ku Pinerolo. Panjira panali mapiri asanu: Maddalena, Vars, Izoard, Montgenèvre ndi Sestriere, mbali yaikulu ya msewu ili ya miyala ndi matope. Nzeru ya masewerawa imati usathawe msanga, chifukwa m'zigwa za pakati pa mapiri mphepo idzakudya uli wekha pamene okuthamangitsa akusinthana kutsogolo. Coppi anathawa paphiri loyamba, kutatsala makilomita 192. Bartali anamutsatira, nayenso yekha, ndipo kwa maola ambiri amuna awiriwa ankapalasa aliyense payekha, wina osamuona mnzake, dziko lonse litaunjikana pa mawailesi. Coppi anafika ku Pinerolo mphindi 11 ndi masekondi 52 Bartali asanatulukire. Wachitatu anabwera patadutsa mphindi pafupifupi 20. Ine ndimaona kuti tsiku limeneli ndi limene linaphunzitsa okonza Giro chimene anthu amafuna: munthu mmodzi, phiri, ndi funso lakuti kodi afika. Chaka chomwecho Coppi anakapambananso Tour de France, woyamba kutenga mipikisano iwiriyi m'chaka chimodzi.

Woyendetsa mpikisano kuyambira nthawi imeneyo anali Vincenzo Torriani, amene anakhala pa udindowo zaka zoposa 40, munthu wosaopa kuyesa zimene ena ankati n'zamisala. Mu 1953 anaika Stelvio, msewu wokwera mpaka mamita 2,758, wokhala ndi makona 48 opindika ngati chigongono kumbali yochokera ku Prato. Kuti muone kutalika kwake, nsonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje ili pa mamita 3,002, ndiye kuti anthuwa amapalasa njinga mpaka kutsala pang'ono kufika msinkhu umenewo, kumene mpweya ndi wopepuka ndipo chifuwa chimakoka koma osakhuta. Hugo Koblet wa ku Switzerland, amene mu 1950 anakhala mlendo woyamba kupambana Giro, ndiye anali ndi jezi ya pinki, kutatsala masiku awiri. Coppi anamusiya pakati pa makoma a chipale chofewa, natenga Giro yake yachisanu.

Kukwera m'mwamba chotero m'mwezi wa Meyi ndi kumayambiriro kwa Juni kuli ndi mtengo wake, chifukwa kumapiri a Alps, kumpoto kwa Italy, nyengo yozizira imakhala isanatheretu. Pa 8 Juni 1956 gawo lochokera ku Merano linayamba ndi mvula, n'kuthera m'chipale chofewa pa Monte Bondone. Opalasa anali ndi malaya opyapyala a ubweya, onyowa. Ena ankalowa m'nyumba za anthu kukaviika manja m'madzi otentha, ena ankagwa m'mbali mwa msewu. Wovala pinki, Pasquale Fornara, analephera kupitiriza, ndipo pafupifupi theka la amene ananyamuka m'mawa silinafike. Charly Gaul wa ku Luxembourg, kamunthu kopepuka kokonda kuzizira, anayamba tsikulo ali m'mbuyo ndi mphindi zoposa 16, nalimaliza atavala pinki. Anachita kumunyamula pomuchotsa pa njinga. Wachiwiri pa Giro imeneyo anali Fiorenzo Magni, amene ankapalasa ndi fupa la paphewa lothyoka. Pokhala sankatha kukoka chiwongolero ndi dzanja, makaniko wake anamangirira chidutswa cha chubu pachiwongoleropo, iye n'kumachiluma ndi mano pokwera.

Imfa ya Coppi ndi imene imandikhudza kwambiri m'mbiri yonseyi, mwina chifukwa matenda amene anamupha timawadziwa bwino kwathu kuno. Mu Disembala 1959 anapita ku Upper Volta, dziko limene lero ndi Burkina Faso, kukachita mpikisano wachionetsero ndi kukasaka nyama pamodzi ndi akatswiri a ku France. Iye ndi mmodzi wa iwo, Raphaël Géminiani, anagona chipinda chimodzi chodzaza udzudzu. Atabwerera kwawo onse awiri anadwala. Ku France magazi a Géminiani anayezedwa, anapezeka ndi malungo, anapatsidwa kwinini, nachira. Abale ake anaimba foni ku Italy kuchenjeza, koma madokotala a Coppi anakakamira kuti ndi matenda a m'chifuwa. Anamwalira ku Tortona pa 2 Januwale 1960 ali ndi zaka 40. Munthu amene Stelvio inalephera kumugonjetsa anafa ndi nthenda imene mankhwala ake analipo kale. Kuyambira mu 1965 malo okwera kwambiri pa Giro ya chaka chilichonse amatchedwa Cima Coppi, nsonga ya Coppi, ndipo woyamba kudutsapo amalandira mapointi ochuluka kuposa a phiri lina lililonse.

Eddy Merckx wa ku Belgium anafika pa chiwerengero cha Binda ndi Coppi, kupambana kasanu pakati pa 1968 ndi 1974, ndipo palibe wachinayi amene wafikapo. Zaka zina zotsatira njira inkapepukako mapiri, mwina pofuna kukomera akatswiri a kwawo monga Francesco Moser ndi Giuseppe Saronni amene mphamvu yawo inali pachidikha. Koma pa 5 Juni 1988 mpikisano unabwerera ku Gavia, kamsewu kopapatiza kopitirira mamita 2,600 kamene mbali yake inali yopanda phula. Kunagwa chipale chofewa. Timu ya ku America ya 7-Eleven inali itamva za nyengo, ndipo inagula magolovesi ndi zipewa zaubweya m'mashopu a m'deralo, n'kuimika munthu pafupi ndi nsonga ndi zovala zouma. Matimu ena sanakonzekere. Choopsa sichinali kukwera, pakuti pokwera thupi limatentha. Chinali kutsika makilomita oposa 20 kupita ku Bormio, zala zitauma moti sizikanatha kugwira mabuleki. Johan van der Velde, amene anafika pamwamba woyamba atavala malaya a manja aafupi, anataya nthawi yoposa theka la ola potsika. Erik Breukink anapambana gawolo, ndipo Andy Hampsten, amene anafika masekondi 7 pambuyo pake, anatenga pinki n'kukhala munthu woyamba wochokera kunja kwa Ulaya kupambana Giro.

Anthu amakonda kukamba masiku amenewa ngati nthano zaulemerero, ndipo inenso ndimawakonda. Koma ndikuona kuti okonza mpikisano ankatchova juga ndi miyoyo ya anthu, ndipo anangochita mwayi kuti pa Bondone ndi pa Gavia sipanafe munthu. Masiku ano pali malamulo olola kufupikitsa kapena kuthetsa gawo nyengo ikaipa, monga zinachitikira mu 2013 pamene gawo lodutsa Gavia ndi Stelvio linalephereka. Ena amadandaula kuti anyamata a lero ndi ofewa. Amene amanena zimenezo amakhala ali pampando, ofunda. Ngozi ikadalipo ndithu ngakhale kunja kuli dzuwa: mu 2011 Wouter Weylandt wa ku Belgium anamwalira atagwa potsika phiri la Bocco, ndipo nambala yake, 108, saiperekanso kwa wina aliyense.

Palinso mtengo wina umene mapiri analipiritsa. Mu 1994 mnyamata wadazi la msanga, Marco Pantani, anasiya katswiri wa ku Spain Miguel Indurain pa Mortirolo, phiri la makilomita pafupifupi 12 limene pa mamita 100 aliwonse msewu umakwera mamita oposa 10. Italy inamukonda kuposa wina aliyense chichokereni Coppi, chifukwa ankakwera ataimirira, manja ali pansi pa chiwongolero, osawerengera za mawa. Mu 1998 anatenga Giro ndi Tour. Koma zimenezi zinkachitika m'zaka za EPO, mankhwala ochulukitsa maselo ofiira a magazi, amene amanyamula mpweya kupita ku minofu. Paphiri, pamene mpweya ndiwo chilichonse, mankhwalawa ankasintha munthu kotheratu. Njira yowapezera m'thupi kunalibe, choncho akuluakulu anangoika malire akuti maselo ofiira asapitirire 50 peresenti ya magazi. Pa 5 Juni 1999 ku Madonna di Campiglio, atavala pinki, kutatsala magawo awiri, Pantani anapezeka ndi 52 ndipo anachotsedwa. Sanabwererenso mwakale. Anapezeka atafa mu hotela ku Rimini pa 14 Febuluwale 2004, chifukwa cha mankhwala osokoneza bongo a kokeni, ali ndi zaka 34. Sanali yekha wochita zimenezo, ndipo matimu, madokotala ndi ife owonera amene tinkafuna zodabwitsa tsiku lililonse tili ndi gawo lathu. Chipilala chake chili pa Mortirolo, ndipo anthu amasiyapo zipewa ndi mabotolo a madzi.

Giro ya masiku ano ili ndi magawo 21 m'masabata atatu, makilomita pafupifupi 3,400, yochepera kutali pa tsiku poyerekeza ndi 1914 koma yothamanga kwambiri. Okonza akupitiriza kusaka zitunda zoopsa: Zoncolan, imene pena imapendekeka kufika 22 peresenti, ndi Finestre, imene makilomita 8 ake omaliza ndi msewu wafumbi. Pa Finestre pomwepo mu 2018 Chris Froome, wobadwira ku Nairobi, anathawa yekha kutatsala makilomita 80 n'kulanda mpikisano, pamene wovala pinki Simon Yates anataya nthawi yoposa theka la ola. Patatha zaka 7, mu 2025, Yates anabwerera paphiri lomwelo ali wachitatu, nathawa, n'kupambana Giro. Opambana sakuchokeranso ku Ulaya kokha. Ana a m'mapiri a Andes, okulira kumene mpweya ndi wopepuka, apambana Giro katatu: Nairo Quintana wa ku Colombia mu 2014, Richard Carapaz wa ku Ecuador mu 2019, ndi Egan Bernal, wa ku Colombia nayenso, mu 2021. Tadej Pogačar wa ku Slovenia mu 2024 anasiya wachiwiri ndi mphindi pafupifupi 10, kenako anakatenga Tour, zimene zinali zisanachitike chichokereni Pantani.

Njinga za mpikisano zinafika ku Eritrea ndi atsamunda a ku Italy, amene poyamba sankalola eni dziko kupikisana nawo. Anthu a ku Asmara, mzinda wokhala pamtunda wa mamita oposa 2,300, anawatenga masewerawo kukhala awo. Pa 17 Meyi 2022, pagawo la 10 lothera ku Jesi, tsiku la zitunda zazifupi zotsatizana, Biniam Girmay wa zaka 22 anayamba liwiro lomaliza patali, Mathieu van der Poel wa ku Netherlands ali pagudumu lake. Van der Poel anayesa kumudutsa, mphamvu zinamuthera, ndipo asanafike pamzere anakweza chala chachikulu kumuvomereza. Girmay anakhala munthu wakuda wa ku Africa woyamba kupambana gawo pa umodzi mwa mipikisano itatu ikuluikulu ya masabata atatu, Giro, Tour de France ndi Vuelta ya ku Spain. Ali pansanja yolandirira mphoto, chitsekerero cha botolo la vinyo chinafwamphuka n'kumumenya diso lakumanzere. Anapita naye kuchipatala, ndipo m'mawa mwake mpikisano unanyamuka iye palibe, masiku ochepa usanafike ku Alps.